Dzuwa Lopanda Chilolezo

Mu ufumu wa Tidzaona magetsi ankachokera ku mtsinje wa Nthawizina, ndipo ankabwera monga mwa dzina la mtsinjewo. M'chilimwe a bungwe la magetsi ankalengeza kuti madzi achepa. M'dzinja ankalengeza kuti madzi achuluka. Pakati pa nyengo ziwirizi ankakhala akukonza makina.

Anthu a pamsika wa Zatere anadandaula mpaka kukhosi kuuma, kenaka anangosiya. Woyamba kupachika sola padenga anali Malikebu, wometa tsitsi, amene anatopa ndi kubweza anthu kwawo mutu utametedwa mbali imodzi. Anatsatira otchaja mafoni, oonetsa mpira pakanema, ndi alimi a kudimba ndi mapampu awo. Amayi a kalabu ya mkaka nawonso anasonkherana n'kugula masola, batire lalikulu, ndi filiji yoti munthu wamkulu akhoza kugonamo osapinda miyendo. Alimi a ng'ombe a m'midzi yozungulira ankabweretsa mkaka m'mawa, n'kufika madzulo uli bwinobwino. Palibe anawauza anthuwa kuti achite zimenezi, ndipo zinadzadziwika pambuyo pake kuti mlandu wawo unali womwewo.

Wapampando wa kalabu ya mkaka anali aNangozo, mkazi wa a Zefaniya Kapatuka. A Kapatuka anali kalaliki pa ofesi ya boma ya m'deralo, ndipo imvi zinawamerera ali pampando womwewo, akudinda zidindo. Sanali munthu woipa. Nthenda yawo inali imodzi: ankafuna kuti asanapume pantchito, munthu mmodzi yekha adzawatchuleko kuti bwana.

Chaka china Mfumu Sindilakwa Wachitatu inapita kunja ku msonkhano waukulu wa atsogoleri. Itabwerako, makalaliki a m'maboma onse anakwezedwa pamalole kupita ku likulu, ku Kwaeni, kuti akaombe m'manja. A Kapatuka anapeza malo chakutsogolo, pafupi ndi nduna.

"Anthu anga," inatero Mfumu, "kunja ndamva zinthu. Akatswiri andinong'oneza kuti dzuwa lathu lomweli lili ndi magetsi m'kati mwake. Ndalonjeza pamaso pa mafumu anzanga kuti ine ndiyambitsa mphamvu ya dzuwa m'dziko muno, ndipo alendo abwera kudzaona."

Anthu anaomba m'manja. Phokoso litachepa, Nduna ya Kuwala, a Gwirapompo, anagwada ndi bondo limodzi, poti linalo linkavuta chifukwa cha mimba.

"Mwini Dziko, pali kavuto pang'ono. Anthu anayamba kale."

"Anayamba chiyani?"

"Kugwiritsa ntchito dzuwalo, Mwini Dziko. M'misika, m'madimba, ngakhale m'zipatala zina."

"Anawaloleza ndani?"

"Anangoyamba."

Mfumu inayang'ana nduna zake imodzi ndi imodzi, ndipo iliyonse inapeza chinthu chofunika kuchiona pansapato yake.

"Ndiye alendo akabwera ndidzati ndayambitsa chiyani? Munthu angatsegulire nyumba imene anthu akugonamo kale?"

"Vuto ndi loti tinalibe ndondomeko, Mwini Dziko," anayankha a Gwirapompo. "Chinthu chabwino chikafalikira chopanda ndondomeko chimaononga anthu. Tipatseni mpata tikonze."

Kumbuyo kwa ndunayo kunali mlamu wake, a Chodyera, amene ankaitanitsa majenereta, dizilo ndi makandulo onse a mu ufumuwo. Ankangogwedeza mutu ngati munthu amene akumva nyimbo yomwe anapeka yekha.

Pasanapite nthawi Ndondomeko Yofalitsa Mphamvu ya Dzuwa kwa Onse inawerengedwa pawayilesi. Inati boma limakonda dzuwa kuposa wina aliyense. Inatinso dzuwa linali lisanatsegulidwe mwalamulo, choncho sola iliyonse ifunditsidwe nsalu kufikira tsiku limene Mfumu idzalitsegulire. Nsalu yake inali yokhala ndi nkhope ya Mfumu, ndipo inkapezeka m'sitolo za a Chodyera zokha. Dera lililonse linapatsidwa Woyang'anira Dzuwa. Wina ku likulu anakumbukira kalaliki uja wa imvi amene anapitiriza kuomba m'manja anzake onse atasiya, ndipo a Kapatuka anaitanidwa.

Anafika kunyumba atavala chisoti ndi jekete lachikasu, akukankha njinga yamoto yatsopano. Anapeza aNangozo akutsuka zigubu pakhonde.

"Mwandilonjera ngati masiku onse, aNangozo. Simukuona chasintha?"

Mayiwo anayang'ana chisoti, n'kuyang'ana njinga. "Ndikuona kuti mwachita thukuta. Njingayi yadwala?"

"Mafuta ake abwera bajeti ikadutsa. Ine tsopano ndine Woyang'anira Dzuwa wa dera lonse la Zatere."

"Dzuwalo lauzidwa?"

A Kapatuka anakhosomola, n'kufotokoza ndondomeko yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. ANangozo anamvetsera osadula mawu.

"Nanga filiji yathu, bambo a Tiyese?"

"Lamulo lilibe mkazi."

"Chabwino. Tiona kumene lamulolo lizikadya madzulo."

M'mawa mwake a Kapatuka analowa mumsika ndi apolisi awiri ndi makwerero. Denga ndi denga, nkhope ya Mfumu inayamba kumwetulira kumwamba. Anthu sanalimbane nawo, poti ku Tidzaona aliyense ankadziwa njira ya ku ndende ya Iwalani, ngakhale kuti yobwerera inkadziwika ndi ochepa. Malikebu anawagwirira yekha makwerero.

"Bwana, ndifunse nawo," anatero. A Kapatuka anamva liwu loti bwana likutsika mpaka m'mimba ngati tiyi wa mkaka. "Ndili ndi chimanga kudimba, chili padzuwa tsiku lonse. Nachonso ndichifunditse?"

"Zimenezo zili m'manja mwa unduna wina."

Denga lomaliza linali la kalabu ya mkaka. Amayi anaima pamzere atapinda manja, akuonerera mwamuna wa wapampando wawo akumanga nsalu m'makona onse anayi. Palibe anatukwana. A Kapatuka akanakonda atatukwanidwa.

Tsiku lotsegulira dzuwa linayamba kusuntha. Poyamba komiti inati iyenera kupita kukaphunzira za dzuwa kumaiko kumene dzuwalo limaoneka mwa apo ndi apo. Itabwerako inapeza kuti pakufunika komiti ina yoona za mtundu wa riboni. Pamsika wa Zatere mkaka unkasasa dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo amayi anayamba kuitanira malonda kuti, "Chambiko cha boma, chambiko cha ndondomeko." Alimi ena anathira mkaka m'ngalande, ena anayamba kukambirana ndi ogula ng'ombe. Kudimba matimati anawerama. Malikebu anabwerera ku sizasi. Pakhomo pa sitolo ya a Chodyera pankakhala mzere wa ogula makandulo, ndipo wayilesi inkati mzerewo ndi umboni woti chuma chikuyenda.

A Kapatuka ankaziona zonsezi. Anali bwana, inde, koma bwana wodya yekha. Chakudya ankachipeza patebulo chovundikira, chozizira, mkazi wawo ali kukhitchini ndi ana. Akadutsa mumsika nkhani zinkaduka, n'kudzapitirira iwo atapita. Ankadzitonthoza kuti ntchito yaikulu imafuna mtima wolimba, koma mawuwo sankawakhutitsa.

Tsiku lina m'mawa anapeza denga la kalabu lili mbee, masola akunyezimira, filiji ikulira mokondwa m'kati. Nsalu inali pachingwe, ikudontha madzi.

"ANangozo, n'chiyani chimenechi?"

"Nkhope ya Mfumu inachita fumbi, ndipo akhwangwala anaichita chipongwe pamphuno. Tayichapa. Ikuuma."

"Iuma nthawi yanji?"

"Nsaluyi ndi yochindikala. Mwina chakumadzulo." Mayiwo anapukuta manja pachitenje. "Kapena mukuti tiibwezere yakuda, a Woyang'anira? Nenani pamaso pa anthuwa kuti nkhope ya Mfumu izikhala ndi zitosi, ife timvera."

A Kapatuka anayang'ana apolisi awo. Apolisiwo anayang'ana kumbali. Mu Tidzaona munali lamulo lakale loti wodetsa chithunzi cha Mfumu akagone ku Iwalani, ndipo silinanene kanthu za wochichapa.

"Ikauma muibwezere," anatero, n'kuchokapo msangamsanga.

Mlungu usanathe msika wonse unagwidwa ndi ukhondo. M'mawa uliwonse nkhope za Mfumu zinkatsika m'madenga, n'kuchapidwa ndi sopo, n'kuyanikidwa pazingwe kuyambira kogulitsa nsomba mpaka kokwerera basi. Zinkabwerera m'madenga dzuwa litalowa. Makina a Malikebu anayambanso kulira. A Kapatuka anaphunzira kuyenda atazolika, ndipo madzulo ena anapeza chakudya chili chofunda.

Mbiri inafika ku Kwaeni kuti kuli msika wina kumene anthu amakonda Mfumu yawo mpaka kuisambitsa kumaso tsiku ndi tsiku. Mfumu inagwetsa msozi, n'kulamula kuti mwambo wotsegulira dzuwa ukachitikire ku Zatere komweko.

Pabwalo la mpira kuseri kwa msika anamanga nsanja. A Chodyera, amene anapambana mpikisano wobweretsa zipangizo pokhala kuti anapikisana okha, anabweretsa sola yaikulu ngati khoma la tchalitchi. Pansi pake anaikapo bokosi, pamwamba pa bokosilo babu limodzi, pambali pake batani loti Mfumu idzadine.

M'mawa wa tsikulo a Kapatuka anatumidwa kukapukuta solayo. Atapukuta pakona, kansalu kawo kanada bii. Anagogoda ndi chala, ndipo chinthucho chinalira ngati chitseko.

"A Kapatuka, dzanja lanulo lada ndi chiyani?" Anali a Gwirapompo, ataima kumbuyo kwawo.

"Penti, bwana. Solayi ndi thabwa."

"Imeneyi ndi chitsanzo. Yeniyeni ili m'njira." Ndunayo inatsitsa mawu. "Kuseri kwa tenti kuli jenereta. Ng'oma zikakolera inu mukailize, palibe amve phokoso lake. Mfumu ikadina, babu liyaka. Ndi mmene zinthu zimatsegulidwira."

A Kapatuka anapita kuseri kwa tenti. Jenereta inalipodi, yatsopano, koma thanki yake inali gwa. Dizilo yense anali atamwedwa ndi mdipiti wa galimoto za Mfumu, umene unali wautali moti galimoto yoyamba inafika ku Zatere yomaliza isanatuluke pachipata ku Kwaeni. A Chodyera anafunidwa, koma foni yawo inali yothima.

"Dera lino ndi la yani?" anafunsa a Gwirapompo atamva.

"Langa, bwana."

"Ndiye dzuwa la kuno ndi lanu. Babu likapanda kuyaka pamaso pa alendo, ndidzauza Mfumu kuti Woyang'anira wa ku Zatere ndiye waononga. Ku Iwalani mukapezako anzanu."

A Kapatuka sanathamangepo chiyambire ukalaliki, koma tsiku limenelo anathamanga, chisoti chili m'manja. Anapeza aNangozo ndi amayi ena akuthira mkaka m'mabotolo. Anafotokoza mwachibwibwi, akupuma mwawefuwefu.

"Ndimve bwino," anatero aNangozo. "Mukufuna batire lodzadzidwa ndi dzuwa lakuba, kuti mukatsegulire dzuwa la boma?"

"Musakweze mawu."

"Sindinakweze. Ndikufuna kuti ndizimve ndekha mmene zikumvekera."

"Akanditsekera, mayi a Tiyese."

A Kapatuka anaona kuti jekete lachikasu silikuthandiza kanthu, ndipo anachita manyazi ngati kamwana kogwidwa kakuba shuga.

"Amayi," anatero aNangozo potembenukira kwa anzawo, "munthuyu ndi wopepera, koma ndi wanga. Filiji ikakhala yotseka mkaka upirira mpaka madzulo. Ndikupempha pa dzina langa."

Amayiwo anayang'anizana, kenaka wamkulu mwa iwo anagwedeza mutu.

"Libwere dzuwa lisanalowe, bambo a Tiyese. Mufilijimu muli mkaka wa anthu, si wanga."

Batirelo linapita kubwalo pawilibala, litafunditsidwa nkhope ya Mfumu, ndipo palibe wapolisi analimba mtima kuvundukula. Malikebu anakwawira m'bokosi muja n'kulumikiza mawaya.

Mfumu inalankhula nthawi yaitali. Inati makolo akale ankaliona dzuwa likutuluka ndi kulowa, koma sanapindule nalo chifukwa analibe ndondomeko. Inati maiko ena ali ndi dzuwa, koma la Tidzaona lokha ndi limene lili ndi komiti. Inalonjeza kuti nsalu zidzachotsedwa m'madenga bungwe likamaliza kukambirana za kachotsedwe kake. Kenaka inadula riboni n'kudina batani.

Babu linayaka. Vuto linali loti anali masana, dzuwa lili paliwombo, ndipo palibe ankatha kuona ngati layakadi. A Gwirapompo anavula chipewa n'kuphimba babulo, Mfumu inasuzumira pansi pa chipewacho, n'kudzuka ikumwetulira. Apolisi anatembenukira kwa anthu, ndipo anthu anamvetsa kuti yakwana nthawi ya nthungululu. Alendo anajambula zithunzi.

A Kapatuka anapuma mpweya wautali. Anali akuganiza kale za wilibala pamene Mfumu inakwezanso dzanja.

"Babu limeneli ndi chuma cha fuko. Linyamulidwe ndi zonse zili pansi pake, likaikidwe pabwalo la nyumba yanga, liziyaka usana ndi usiku kuti adzukulu athu adzalione."

Asilikali ananyamula thabwa, bokosi, babu ndi zonse za m'kati, n'kukweza palole. A Kapatuka anathamangira kwa a Gwirapompo, amene anali atalowa kale m'galimoto.

"Bwana, m'bokosimo muli batire la eni ake."

"Batire lanji? M'bokosimo muli mphamvu ya dzuwa. Mwagwira ntchito yabwino, a Kapatuka, musaiononge ndi pakamwa." Galasi la galimoto linakwera.

A Kapatuka anafika kunyumba kuli kachisisira, manja ali lende. ANangozo anali pakhonde. Sanakalipe, ndipo sanafunse kanthu, poti nkhani inali itafika kale.

"Mkaka wonse waonongeka," anatero. "Alimi abwera mawa kudzamva kuti zatani. Ku kalabu ndawauza kuti batirelo ndinabwereketsa mwamuna wanga. Andifunsa ngati ndili naye mwamuna."

"Ndiye mwayankha kuti chiyani?"

"Ndati ndikaona kunyumba."

A Kapatuka anakhala pamwala osavula chisoti. Akanatha kunena kuti lamulo la Mfumu silibwezedwa, kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndi mawu ena otero amene anthu a maudindo amasungira masiku ngati amenewa. Koma mayi amene anali patsogolo pawo anaika dzina lake pansi pamaso pa anzake chifukwa cha iwo, ndipo iwo analiponda.

Kutacha anasita jekete lachikasu, n'kupukuta chisoti mpaka chinawala, n'kukwera basi ya ku Kwaeni. Atatsika basi analunjika pachipata cha nyumba yachifumu.

"Ndine Woyang'anira Dzuwa," anauza msilikali wa pachipata. "Ndabwera kudzayendera chuma cha fuko."

Msilikaliyo anayang'ana jekete, n'kutsegula. Pabwalo babu lija linali likuyakabe, koma mofooka ngati diso la munthu wodwala. A Kapatuka anagwada, anamasula mawaya, anasolola batire, n'kulisenza pamutu. Linali lolemera moti khosi linalowa m'mapewa. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa alonda, akudikira kumva dzanja pakhosi. Dzanjalo silinabwere. Ku Tidzaona munthu wa yunifolomu akasenza katundu woti si wake, aliyense amadziwa kuti ali pantchito. Msilikali wa pachipata anawachitira sawatcha, n'kuwaimitsira basi.

Anatsika ku Zatere masana, batire lili pamutu, n'kudutsa pakati pa msika. Anthu anapatuka, ena akung'ung'udza kuti kaya lero walandidwa ndani. Anakalitula pakhomo pa kalabu, pamaso pa amayi ndi alimi amene anabwera kudzamva mlandu wa mkaka wawo.

"Ndachedwa nalo," anatero. "Pepani."

ANangozo anayang'ana batire, n'kuyang'ana mwamunayo, amene thukuta linali litanyowetsa jekete lonse.

"Wina awapatseko madzi akumwa bambo a kwathuwa," anatero.

A Gwirapompo sanathe kuwamangitsa, chifukwa kuti atero anayenera kufotokozera Mfumu chimene chinabedwa m'bokosi la mphamvu ya dzuwa. Anangowachotsa ntchito pa chifukwa cha kusagwiritsa ntchito bwino njinga ya boma. Apolisi anabwera kudzatenga chisoti ndi jekete, ndipo njinga anapita nayo chokankha. A Kapatuka anayamba kuthandiza kukalabu, kutsitsa zigubu panjinga za alimi.

Patapita masiku angapo wayilesi ya m'shedi ya Malikebu inaimitsa nyimbo kuti pamveke uthenga wapadera. Inati babu la fuko lazima, ndipo akatswiri a unduna apeza chifukwa chake: anthu akugwiritsa ntchito dzuwa mosasamala, moti lofika ku likulu likumakhala lotsalira. Pofuna kuteteza mphamvuyi kuti ifikire onse, dzuwa liyamba kugawidwa mosinthana. Madera a kumpoto azilandira Lolemba ndi Lachinayi. Zatere ndi madera ozungulira azilandira Lachitatu ndi Loweruka. Lamulungu likhala la boma.

Malikebu anazimitsa makina, n'kutulutsa mutu kunja. Linali Lolemba, ndipo dzuwa linali likuswa mtengo.

"Mayi wapampando," anaitana, "lathu akuti ndi la Lachitatu. Nanga ili ndi la yani?"

"La anthu a kumpoto," anayankha aNangozo osasiya kuthira mkaka m'botolo. "Tabwerekako. Tidzawabwezera m'dzinja."

Kenaka anaona amuna awo ataima poyera, chigubu chili m'manja, akuyang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa.

"Bambo a Tiyese, musaime pamenepo, mukutha la eni ake. Lowani nacho mumthunzi."